Kupalasa njinga ya m'mapiri ku Cape Maclear: mafunso ndi mayankho kwa wofuna njira

Tchuthi chikayandikira, anzanga amene amadziwa kuti sindipita kunyanja wopanda njinga amayamba kundifunsa, ndipo mafunso ake amakhala omwewomwewo. Ndawasonkhanitsa pano. Pafupifupi zonse zikunena za Cape Maclear, kumene eni ake amati ku Chembe, ndi madera ozungulira Monkey Bay m'boma la Mangochi, chifukwa ndi kumene matayala anga anazolowera.

Kunyanja n'kumchenga ndi kumadzi. Njinga ya m'mapiri ikachita chiyani kumeneko?

Wofunsa chonchi nthawi zambiri amakhala kuti anafika pa Cape Maclear n'kukhala pagombe, maso ali kuzilumba za Thumbi ndi Domwe, osacheuka. Cheukani. Kumbuyo kwa Chembe kwaima mapiri a miyala ikuluikulu, ndipo mudziwo wangopanikizika pakati pa mapiriwo ndi madzi. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene phiri la Nkhunguni limapitirira mamita 1,100. Kusiyana kotere pa kamtunda kakafupi ndi kumene wapanjinga amafuna.

Dera lonseli, la mfumu yaikulu Nankumba, ndi mtunda wolowa m'nyanja umene umagawa kumwera kwa nyanjayi kukhala mikono iwiri. Kumpoto kwake ndi mapiri ndi nkhalango ya paki yotchedwa Lake Malawi National Park. Kumwera kwake ndi chigwa cha milambe, minda ndi midzi. Pa tsiku limodzi mukhoza kulawa zitunda, miyala, dothi louma gwaa ndi mchenga woti tayala limamira.

Pali njira zolambulidwira njinga, zokhala ndi zikwangwani?

Musayembekezere zimenezo. Kuno simupeza chikwangwani chokuuzani kuti iyi ndi ya oyamba kumene, iyo ndi ya akatswiri. Koma njira ziliko zambirimbiri, ndipo ndi zokoma kuposa zina zimene anthu amawonongerapo ndalama kukonza. Anazilambula ndi mapazi a anthu opita kudimba, kumjigo, kuchigayo, kusukulu, kudoko. Zina anazisalaza ndi matayala a ogula nsomba, amene amalawira ndi madengu a usipa pakaliyala.

Izi zikutanthauza zinthu ziwiri. Choyamba, njira iliyonse ili ndi eni ake amene amaidziwa mwala ndi mwala, ndipo n'kwa iwo kumene mungaipeze. Chachiwiri, inu pamenepo ndinu mlendo. Mayi wosenza nkhuni amene mwakumana naye pakona sali m'njira yanu, inuyo ndi amene muli m'njira yake.

Ndifunse ndani, ndipo ndifunse motani?

Apa ndiye pagona nkhani. Safunsa anadya phula, koma ngakhale wofunsa amasochera akafunsa molakwika.

Oyamba kuwafuna ndi akabaza apanjinga yakapalasa, ogula nsomba oyenda panjinga, ndi amisiri okonza njinga amene amakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Awa amaganiza ndi miyendo ngati inu. Amadziwa pamene munthu amatsika n'kukankha, pamene pali khwawa, pamene mchenga umakana. Wanjinga yamoto adzakuuzani kuti njira ili bwinobwino chifukwa zitunda amakwera ndi petulo. Anyamata operekeza alendo amawadziwa bwino mapiri, koma ambiri amawadziwa wapansi, choncho afunseni mosamala.

Musafunse kuti, "Kuli njira yabwino yopalasako njinga?" Munthu aliyense wamtima wabwino adzakulozerani kumsewu waukulu, poganiza kuti mlendo akufuna posalala. Funsani chonchi: "Achimwene, inu mukamapita ku Msaka ndi katundu mumadzera kuti? Nanga mukakhala opanda katundu, yachidule ndi iti?" Yachiduleyo ndi imene mukufuna. Kenaka funsani kuti, "Mumatsika kangati?" Akati kawiri, ndi njira yokoma. Akaseka n'kunena kuti njinga imakwera munthu, dziwani kuti mukasenza.

Za kutalika musafunse makilomita, ndipo mawu akuti "ndi pompa" musawatenge monga momwe amvekera, chifukwa kwa munthu amene amayendamo tsiku ndi tsiku ndi pompadi. Funsani nthawi: "Mukanyamuka dzuwa likutuluka, mumafika ana asukulu atalowa kapena asanalowe?"

Njira imene ndimaikonda kwambiri m'chigwa cha kumwera ndinaipeza chonchi. Ndinaima pa mmisiri wina kuti andiwonjezere mpweya. Bambo wachikulire amene ankadikira kuti ammatire tchubu atamva funso langa anathyola kamtengo, n'kusalaza dothi ndi chikhatho. Anajambula mzere, n'kuika mwala: "Apa ndi pamjigo." Anaika chisononkho cha chimanga: "Apa pali mlambe wobowoka, mukhotere kumanja, kumanzereko ndi kumanda." Anadula mzerewo ndi chala: "Apa ndi mtsinje, pano ndi wouma, koma mchenga wake mutsike." Ndinajambula mapu a padothiwo ndi foni. Zonse zinali momwemo, mpaka mlambe wobowokawo. Munthu akakuthandizani chotere, mugulireni chakumwa kapena mulipirireni phachi, ndipo mum'thokoze ndi manja awiri.

Nanga mapu a pafoni sangandithandize?

Amathandiza, koma ali ngati nyali ya m'manja: imaonetsa pang'ono, zina mumafufuza ndi phazi. Google Maps imadziwa misewu ikuluikulu, tinjira tambiri mulibe. Mapulogalamu ogwiritsa ntchito OpenStreetMap, monga OsmAnd ndi Komoot, nthawi zambiri amaonetsa tinjira tochulukirapo, popeza mapu ake amajambula ndi anthu odzipereka. Pa mapulogalamu a Strava ndi Wikiloc mukhoza kuona pamene ena anadutsapo kale. Chenjerani pamenepo: mzere umene mukuuonawo mwina anausiya ndi munthu wothamanga kapena wokwera phiri wapansi, ndipo pena anadutsa m'chaka chimene mtsinje unali usanakokolole gombe lake.

Chimene ine ndimadalira kwambiri ndi zithunzi za setilaiti. Usiku ndisanagone ndimazikuza n'kumalondola timizere toyera tolumikiza mudzi ndi mudzi. Mzere woonda wowongoka pakati pa minda kawirikawiri umakhala njira youma bwino. Mzere woyera kwambiri, wotambalala ndi wokhotakhota, kawirikawiri ndi mtsinje wouma, ndiye kuti mchenga wokhawokha. Pamene pali kachitsamba ka mitengo yowirira pakati pa minda yopanda mitengo, ganizani kuti ndi manda, ndipo njira yanu ilambalale.

Sungani mapu m'foni muli pamalo ogona, chifukwa pakati pa mapiri netiweki imathawa. GPS imagwirabe ntchito popanda netiweki, koma imadya batire, ndipo foni ikatenthedwa ndi dzuwa imazima yokha. Iikeni m'chikwama, osati pahandulo. M'mawa muonetse mapuwo kwa wakabaza. Mapu akanena zina, iye n'kunena zina, mverani iyeyo.

Tsiku loyamba ndiyambire pati?

Yambani ndi kaulendo kakafupi kolowera kumadzulo kwa mudzi, kudutsa pachipata cha paki mpaka ku Otter Point. Ndi pafupi, koma mudzayesa mchenga wa m'mudzi, mudzamva mmene mabuleki akugwirira, ndipo mudzaona zambiri. Kumeneku kuli mlambe waukulu wakalekale, ndi manda a amishoni a ku Scotland amene anafika kuno mu 1875 n'kuyambitsa mishoni ya Livingstonia. Malungo atawavutitsa anasamukira ku Bandawe mu 1881. Kumapeto mumasiya njinga n'kuyenda pamiyala, pansi panu nsomba za mbuna zamitundumitundu zikusambira m'madzi oyera mbee.

Tsiku lachiwiri tengani msewu umene munalowera, wolumikiza Cape Maclear ndi msewu wa M10. Ndi makilomita pafupifupi 18, ndipo umapota pakati pa mapiri a paki, kukwera ndi kutsika. Pagalimoto munangoudutsa, panjinga mudzaudziwa. M'mbali mwake muli Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope ya agogo. Mizereyo sanatemere munthu, inadza ndi kusweka ndi kuperepeseka kwa mwalawo pa zaka zambirimbiri. Imani, pumani pamthunzi. Mukafika pamphambano, Monkey Bay ili makilomita ochepa chabe, kumene kuli doko la sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951. Idyani pachiwaya, dzazani mabotolo, bwererani dzuwa lisanafike paliwombo. Kupita ndi kubwera mudzapitirira makilomita 40. Pamakona khalani kumanzere kwenikweni, chifukwa magalimoto ndi njinga zamoto zimatulukira mwadzidzidzi.

Miyendo ikazolowera, funsani za njira zopatuka mumsewu umenewu kulowera kumidzi ya asodzi ya kugombe la kumadzulo, monga Msaka ndi Kasankha. Kumeneko ndiye kuli fumbi, miyala ndi mchenga, ndipo mumatulukira pakati pa matandala oyanikapo usipa, fungo lake likukulonjerani musanaone madzi. Amene akufuna ulendo wa tsiku lathunthu alowe m'chigwa cha kumwera, cholowera ku Malembo. Kulibe zitunda zambiri, koma tinjira take n'tosawerengeka, tolukanalukana pakati pa milambe, ndipo kumeneko ndi kumene kufunsa kumapindula kwambiri.

Ndamva za njira yodutsa m'mapiri kuchoka ku Chembe kukatulukira ku Monkey Bay. Njinga ingadutse?

Ija ndi ya mapazi. Midzi ya kugombe la kum'mawa, monga Mvunguti ndi Zambo, anthu amafikako pabwato kapena wapansi, ndipo pali chifukwa chake. Njirayo imakwera pamiyala ngati makwerero. Mukaumirira kutenga njinga, nthawi yambiri idzakhala paphewa. Isiyeni kunyumba tsiku limenelo, pezani woperekeza, muyende wapansi.

Kodi m'paki amalola njinga?

Mapiri ambiri ozungulira Chembe ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Ndi paki yaing'ono, ya masikweya kilomita pafupifupi 94, ndipo midzi ingapo ili m'kati mwake momwemo. Mumsewu wopita kumudzi aliyense amadutsa. Mukafuna kulowa pachipata kapena kupatukira m'nkhalango, pitani kaye kwa alonda a nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, muwauze kumene mukufuna kupita, mulipire cholowera. Nzika za dziko lino zimalipira zochepa kusiyana ndi alendo ochokera kunja, choncho tengani chiphaso chanu.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Musatsegule njira yatsopano potsetsereka, ndipo musamakhwekhwereze tayala lakumbuyo potsika. Dothi la pamapiri awa ndi losaya. Kamzere kamene tayala lasiya mu Okutobala kamasanduka ngalande mu Januwale, ndipo dothi lonselo limakathera m'nyanja, n'kukwirira ndere za pamiyala zimene mbuna zimadya. Pakiyi anaikhazikitsa makamaka chifukwa cha nsomba zimenezi.

Nyengo yabwino ndi iti?

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Kunja kumakhala kozizirira, mitsinje yaphwa, njira zauma koma sizinafumbutuke. Imeneyi ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kumwera chakum'mawa. Konzani ulendo woti mulimbane nayo popita, mphamvu zikadalipo, kuti pobwerera izikukankhani. Kuchokera ku Chembe zimenezi zimangochitika zokha, popeza njira zambiri zimayamba ndi kulowera kumwera.

Seputembala akadali bwino. Okutobala ndi Novembala kumatentha moopsa, kupitirira madigiri 35 masana, ndipo miyala imabweza kutenthako kumaso. M'miyezi imeneyi nyamukani kukangoyera, pofika 9 koloko mukhale mutabwerera. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, dziko limabiriwira mokongola ndipo mchenga umagwirana, koma walira mvula walira matope: dothi lakuda la m'madambo limamatirira mpaka tayala kukana kuzungulira, ndipo kakhwawa kouma m'mawa kakhoza kukhala kosawolokeka masana. Madzi othamanga musalowemo ndi njinga.

Kumbukiraninso kuti kuno mdima suchedwa. Dzuwa likalowa, cha m'ma 5:30 m'miyezi yozizira kapena cha m'ma 6 koloko m'miyezi yotentha, mumangotsala ndi mphindi zochepa.

Mchenga ukundigonjetsa. Ndizitani?

Umagonjetsa aliyense poyamba. Phwetsani matayala pang'ono kuti aziponda motambalala, koma osafika poti limu izigunda mwala. Sinthirani ku giya yopepuka musanalowe mumchengamo, osati mutalowa kale. Khalani pachishalo, thupi cha kumbuyo, manja ofewa pahandulo. Tayala lakutsogolo likafuna kusewera, lisiyeni lisewere pang'ono, mukalikakamiza ndi pamene limakumba n'kukugwetsani. Musasiye kupalasa ndipo musagwire buleki yakutsogolo. Maso akhale patsogolo, kumene mukufuna kukatulukira.

Yang'anani kumene akabaza adutsa. Nthawi zambiri pamakhala kamzere kolimba m'mphepete, pafupi ndi udzu. M'mawa mchenga umakhala wogwirana chifukwa cha chinyezi cha usiku, masana umamasuka. Pagombe penipeni musapalase: pali maukonde oyanika, zingwe za ngalawa, amayi ochapa ndi ana, ndipo mchenga wonyowa umadya tcheni.

Ndibwere ndi njinga yanga kapena ndikabwereke komweko?

Ngati mukufuna maulendo aatali, bwerani ndi yanu. Malo ena ogona amabwereketsa njinga, ndipo zimakwanira kuzungulira m'mudzi ndi kupita ku Otter Point, koma musanaitenge yesani mabuleki onse awiri, sinthani magiya onse, gwedezani mawilo kuti muone ngati sakulendewera, ndipo kwezani chishalo chifike pa msinkhu wanu.

Amisiri a kuno ndi aluso. Amawongola limu ndi maso okha, amalumikiza tcheni ndi msomali ndi nyundo. Chimene alibe ndi zipangizo za njinga zamakono. Matchubu a mawilo a mainchesi 26 amapezeka, koma a 27.5 ndi 29 ndi ovuta kuwapeza kunja kwa mizinda ikuluikulu. Pampu zawo zambiri sizigwira valavu yoonda ija yotchedwa Presta. Mapadi a mabuleki a disiki musayembekezere kuwapeza. Choncho tengani matchubu awiri, mapachi ndi guluu, pampu yanuyanu, masipanala a Allen, cholumikizira tcheni, ndi kachitsulo kapadera kogwira zosinthira magiya akumbuyo, kamene kamapindika msanga njinga ikagwa. Minga ndi yambiri, makamaka kumene kuli mitengo ya mthethe ndi kumene anthu atchinga madimba ndi nthambi zaminga. Matayala opanda tchubu okhala ndi mankhwala otseka zibowo amakupulumutsani kwambiri. Pa tcheni pakani mafuta ochepa n'kupukuta, chifukwa mafuta ambiri amaitana mchenga.

Ndilibe galimoto. Njinga ndifika nayo bwanji?

Maminibasi ndi matola opita ku Monkey Bay amanyamula njinga mukagwirizana mtengo. Gwirizanani musanakweze. Chotsani wilo lakutsogolo, kulungani zosinthira magiya ndi chitenje chakale, ndipo imani pomwepo pamene akumanga kuti mbali ya tcheni iyang'ane kumwamba. Ine ndinaphunzira zimenezi nditapeza thumba la chimanga litasanjikidwa pa njinga yanga, masipoko atatu atathyoka. Mukatsika pamphambano ya ku Cape Maclear kukadali m'mawa, makilomita 18 otsalawo mukhoza kupalasa nokha.

Madzi ndi chakudya?

Pa ulendo wa theka la tsiku tengani malita atatu, m'nyengo yotentha onjezerani. Mijigo ilipo m'midzi yambiri. Mukafika perekani moni, dikirani pamzere, ndipo amayi akakupatsani mpata mupope nokha, mupoperenso amene wakupatsani mpatayo. Madzi a m'nyanja musamwe osathira mankhwala. Ikani paketi ya Thanzi m'chikwama, chifukwa thukuta la kuno limachotsa mchere wambiri m'thupi. Mutu ukayamba kuwawa, mukayamba chizungulire kapena mseru, pezani mthunzi, dzithireni madzi, ndipo ulendo uthere pomwepo.

Chakudya sichisowa: mandasi, zitumbuwa, nthochi, chinangwa chophika, mtedza, thobwa. Tengani ndalama zing'onozing'ono za m'manja, popeza Airtel Money ndi Mpamba zimafuna netiweki, ndipo mayi wogulitsa nthochi sakhala ndi chenje cha ndalama yaikulu.

Kuli zoopsa zanji?

Anyani ndi ambiri mumsewu wa m'paki. Sakuvutani mukapanda kuwaonetsa chakudya. Chepetsani liwiro, apatseni mpata, musawaponyere kanthu. Njoka zimathawa zikamva kugunda kwa matayala, komabe musapise dzanja m'mphako kapena pansi pa mwala. Ng'ona ndi mvuu zimakonda kumabango ndi kumathiriro a mitsinje, choncho musatsikire kumadzi pamalo amene eni dera sasambapo. Agalu a m'midzi akakuthamangitsani, tsikani, njinga ikhale pakati pa inu ndi galuyo.

Chimene chimaliza anthu ambiri ndi chitedze. Chikauma, kuyambira cha m'ma Meyi, ubweya wa zikhokhombe zake umayabwa ngati moto, ndipo chimakonda kuyanga m'tinjira ta m'makwawa. Phunzirani kuchizindikira, ndipo m'njira zowirira valani malaya a manja aatali.

Matenda awiri musawachepetse. Malungo amene anasamutsa amishoni aja akadalipo, choncho gonani m'masikito. Likodzo nalonso lilipo m'madzi a m'mbali mwa mudzi, ndipo munthu wotopa ndi njinga sangapirire osadziponya m'nyanja. Mukasambamo, pitani kuchipatala pakatha milungu 6 mpaka 8 mukafotokoze, mankhwala ake ndi praziquantel. Mukavulala, m'mudzi wa Chembe muli chipatala chaching'ono cha Billy Riordan, ku Monkey Bay kuli chipatala cha boma, ndipo zazikulu amatumiza ku Mangochi. Kuchokera pakati pa phiri, konseko ndi kutali. Valani helemeti, ndipo potsetsereka pamene mukukayika tsikani.

Podutsa m'midzi ndizisamala chiyani?

Liwiro, choyamba. Njira zambiri zimadutsa pabwalo la munthu, pamene pali mphasa ya ufa woyanika, nkhuku ndi mwana wokwawa. Fikani ngati woyenda pansi. Belu lokha silikwanira, tsegulani pakamwa: "Zikomo amayi, tidutse nawo." "Wawa bambo, mwadzuka bwanji?" Munthu wosenza katundu kapena wapanjinga yolemedwa ndi madengu, mupatukireni ndinu. Iye ali pantchito, inu muli patchuthi.

Mukaona masamba kapena nthambi zaziwisi zitayalidwa mopingasa msewu, pali maliro. Tsikani panjinga, vulani chipewa ndi magalasi, zimitsani nyimbo, kankhani njinga mwakachetechete mpaka mutadutsa masamba a mbali inayo. Musakwere msanga poganiza kuti palibe akuona. Chimodzimodzi mukakumana ndi anthu onyamula maliro: imani pambali mpaka adutse.

Kumanda sikulowedwa popanda chilolezo cha mfumu, ndipo m'midzi ya Achewa kufupi ndi manda kumakhala dambwe. Njira ikamalowera m'kankhalango kowirira, bwererani mufunse. Mukakumana ndi gule, patukani, tsikani, musajambule. Kumene kuli mzikiti, Lachisanu masana dutsani modekha. M'munda mwa munthu musadutse ngakhale mutaona kuti akolola kale, chifukwa mizere ija ndi thukuta. Zovala zothina za panjinga zimaoneka zachilendo kumudzi, choncho valani kabudula womasuka pamwamba pake. Amayi ambiri opalasa amasunga chitenje m'chikwama choti amange akatsika pamsika kapena pamaliro.

Ana adzakuthamangirani akukuwa. Apatseni moni, koma musawagawire ndalama kapena maswiti muli panjinga. Mawa adzathamangira wina mpaka kulowa m'masipoko.

Ndingapite ndekha? Nanga ana?

Mumsewu waukulu ndi ku Otter Point mukhoza. M'tinjira ta kutali ndi bwino kukhala awiri, ndipo njira yabwino koposa ndi kulemba ganyu wakabaza wa m'deralo kuti akutsogolereni tsiku loyamba. Gwirizanani mtengo wa tsiku lonse, mum'lipire zoposa zimene akanapeza ponyamula anthu, ndipo chakudya mudyere limodzi. Musadabwe akakusiyani pachitunda ndi njinga yake yopanda magiya. Mulimonsemo, uzani a pamalo ogona kumene mwalowera ndi nthawi imene mubwere.

Ana amasangalala m'njira zosalala za m'chigwa, m'mawa, kwa ola limodzi kapena awiri. Zitunda za mumsewu wa m'paki zisiyeni mpaka atadziwa kugwira mabuleki potsika.

Ndikufuna chitunda chachitali, chopalasa maola. Chilipo pafupi?

Mapiri a Cape Maclear ndi aafupi koma oima. Chachitali chili kumadzulo: tsatani M10 mpaka ku Golomoti, kumene msewu wa Khwekhwerere umakwera kuchoka m'chigwa kukakumana ndi M1 pa Masasa, kufupi ndi Dedza. Ndi wa phula, wamakona akuthwa, ndipo mukacheuka mumaona chigwa chonse mpaka kunyanja. Pafupi ndi Golomoti pali Mua, mishoni imene inayamba mu 1902, yoyenera kupumirapo. Pitani pagalimoto mpaka ku Golomoti, muyambe kukwera kukadali chisisira.

Ngati tchuthi chanu chili kumpoto, ku Chitimba kuli chitunda chimene wapanjinga aliyense wa m'dziko muno ayenera kuchilawa: msewu wa Gorodi, makilomita pafupifupi 15 a miyala ndi makona okwana 20, wokwera mamita opitirira 700 kukafika ku Khondowe. Kumeneko ndi kumene mishoni ija imene inayambira pa Cape Maclear inakakhazikika mu 1894, pothawa malungo a kunyanja. Musanafike pamwamba pali mathithi a Manchewe. Potsika muziima kawirikawiri kuti mabuleki azizire ndi zala zipume, ndipo mukamva galimoto ikubwera kuseri kwa kona, imani kumbali ya phiri, osati ya phompho.